Sukulu Zazikulu ndi Makampani pa Mangochi

Lero tikambirane za boma lathu la Mangochi.

Akuluakulu adziwa kuti malowa anayamba mu 1891, pamene Azungu anamanga linga moyandikana ndi mudzi wa Mfumu Mponda kuti atseke njira ya akapolo, nalitcha Fort Johnston. Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ikalipo pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Koma chodyetsa anthu masiku ano si linga ayi, ndi nsomba, alendo ndi sukulu.

Taonani makampani. A Maldeco analemba anthu ambiri ntchito ya m'mabwato akulu, nayambanso kuweta chambo m'makola a m'madzi. Mahotela a Nkopola ndi Makokola afuna mazira, nkhuku, tomato ndi ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku. Kodi zimenezi zizichokera ku Blantyre, inu madimba muli nawo?

Taonaninso sukulu. Ku Mpwepwe kuli koleji yophunzitsa alangizi a za nsomba. Ophunzira udokotala, amene sukulu yawo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, amabwera kuno kudzaphunzira za umoyo wa m'midzi. Ilinso yunivesite ya DMI St John the Baptist. Ophunzirawa abwereka nyumba, agula pamsika, akwera njinga za kabaza. Abweretsanso mavalidwe ndi mayankhulidwe achilendo, ndipo ana athu aonera. Tsono kutola zabwino ndi kusiya zoipa ndi ntchito ya makolo.

Koma mverani ichi. Chambo chinali chochuluka m'nyanja ya Malombe, koma chinatha chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Ndicho chake mu 1993 kunayamba makomiti a pa doko, kuti asodzi ndi mafumu asunge okha malamulo. Chambo chikatha, kampani itseka, alendo achepa, ndipo phwetekere wanu aolera m'dengu.

Chotero inu mafumu, letsani kuphera nsomba m'maukonde a udzudzu, ndipo lemekezani miyezi yotseka nyanja. Musagawe malo a m'mbali mwa madzi osasiya njira ya ku doko. Koposa zonse, mwana asathere pa kukoka khoka. Apite kusukulu, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, kuti mawa mlangizi ndi dokotala adzakhale wa pamudzi panu pomwe.