Maweruzo a Anthu Wamba pa Zithunzithunzi za Kanema

Munthu ali yense amene waona kanema amaturukamo ndi mau ace. Wina ati cithunzi cinali cabwino, mnzace ati cangomtayitsa ndalama, ndipo mkangano umene wayambira pakhomo ufika kunyumba, m'mawa mwace upitirira ku nchito. Alipo ena amene apeputsa maweruzo otere, namati munthu wosaphunzira za kanema alibe conena. Mbiri ya ku Migodi ionetsa kuti maganizo amenewo ali olakwa.

M'zaka za m'ma 1950 makomboni a migodi anali ndi kanema wa pabwalo, ndipo anthu ambiri anali kusonkhanako madzulo. Poyamba anali kuonetsa nkhani za m'dziko ndi za kunja, ndi tizithunzi toseketsa, koma cimene khamu linali kudikira ndico cithunzi ca makauboi a ku America. Ngwazi ya m'cithunzi, ingakhale inali ndi dzina lina, anthu anali kuicha Jack. Jack akayamba nkhonya, bwalo lonse linali kupfuula ndi kumcenjeza za mdani wobisala kumbuyo kwace.

Azungu ambiri a masiku amenewo anaganiza kuti Aafrika sangathe kumva tanthauzo la kanema, ndi kuti adzatsanza coipa ciri conse cimene aona. Cifukwa cace Boma linaika anthu oyesa zithunzi zisanaonetsedwe m'makomboni. Iwo anali kuletsa zina, ndi kudula mbali za zina, makamaka pamene panali akazi osabvala mokwanira kapena ciwawa cimene anaciopa. Cotsatira cace cinali cakuti nkhani inali kufika kwa oonera iri yoduka-duka, ndiponso m'Cingerezi ca ku America cimene ambiri sanacimve. Tsono ngati munthu sanatsate bwino nkhani yotere, kodi colakwa cinali ca mutu wace, kapena ca lumo limene linaidula?

M'caka ca 1953 kunafika ku Luanshya mai wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhalako kufikira 1954. Iye anatuma Aafrika omthandiza kuti akakhale pakati pa khamu ndi kulemba zimene anthu anali kulankhula cithunzi ciri mkati. Zimenezo zinalowa m'buku lace lochedwa Copper Town, limene linasindikizidwa mu 1962. M'menemo muoneka kuti oonera sanali cete ngati nkhuni. Anali kuyesa ziri zonse ndi muyeso wa kwao. Anayamika Jack cifukwa ca mphamvu ndi ukatswiri wace pomenyana. Ambiri ananyansidwa poona mwamuna ndi mkazi alikupsompsonana poyera, pakuti mwambo wa kwao sulola zotere pamaso pa ana ndi apongozi. Nthawi zina analakwa pomasulira zimene anaona, monga alakwa munthu ali yense poona miyambo ya dziko lacilendo, koma kulakwa kumeneko kunali kwa munthu woganiza.

Panalinso zithunzi zopangidwira Aafrika okha. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948 ndi kukhala ku Salisbury, linapanga zithunzi zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo. Cimodzi ca izo, Mulenga Goes to Town, cinasimba za mnyamata wa kumudzi amene anapeza mabvuto m'tauni. Koma munthu amene wagwira nchito pansi pa mgodi tsiku lonse, nakhala m'tauni zaka khumi, sanali kusowa womuuza kuti tauni njoopsa. Ambiri a ku Migodi anakondabe Jack, ndipo kusankha kwaoko kunali ciweruzo comveka.

Nkhawa ya makolo nayo inali ndi cifukwa. Anyamata anali kubvala zisoti zazikuru, kusema mfuti zamitengo ndi kuyenda monga makauboi m'miseu ya m'komboni. Akuru ena ndi aphunzitsi anaopa kuti ana adzataya ulemu. Mkangano umenewo sunathe pamene wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo sunathe kufikira lero, pamene cithunzi calowa m'nyumba ndi m'thumba la mwana ali yense amene ali ndi foni.

Pamenepa pali phunziro kwa womvera. Ciweruzo ca munthu wamba ciri ndi mtengo, koma cikhala colemera ngati ciri ndi cifukwa cace. Kunena kuti cithunzi ncoipa sikukwanira. Wonenayo afotokoze ngati coipa ndi nkhani, kapena ocita sewero, kapena khalidwe limene cithunzico ciyamikira. Ayenera kuona kufikira kumapeto asanaweruze, pakuti akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ayeneranso kusiyanitsa cimene iye sacikonda ndi cimene ciri colakwadi. Kholo limene likhala pansi ndi mwana wace ndi kumfunsa cifukwa cimene wakondera ngwazi yakuti, licita zambiri kuposa lija longotseka kanema ndi ukali.

Tsopano ana a dziko lino apanga okha zithunzi. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaturutsa I Am Not a Witch mu 2017, ndipo mu 2018 analandira naco mphotho ya BAFTA ku Britain. Opanga zithunzi otere asowa oonera amene anena zoona, osangoyamika cifukwa cithunzi nca kwao, osanyozanso cifukwa sicinacokere kutsidya la nyanja. Adzukulu a anthu aja amene anali kupfuulira Jack pabwalo la m'komboni ali nao udindo umenewo, ndipo palibenso wa lumo woima pakati pa iwo ndi nkhani.