Musanasayine kontirakitiyo, mudziwe kaye kuti ndinu wantchito kapena wodziimira panokha

Zikomo pobwera kuno ku Mandala, ena mwachokera ku Bangwe, ena ku Chilomoni, ena ku Ndirande. Sinditaya nthawi, ndikudziwa kuti ena mwasiya mphika pamoto.

Masiku ano maofesi ambiri muno m'Blantyre ndi ku Limbe akafuna munthu wowerengera ndalama, wophika pamisonkhano, wojambula kapena wotanthauzira, amati: "Sitikulembani ntchito, tikupatsani kontirakiti ngati consultant, ndalama yake ndi yokwererapo." Ife kumva ndalama yokwererapo, mtima dii, cholembera m'manja. Dikirani kaye. Paja safunsa anadya phula.

Tiyerekeze chabe. Kwina akukupatsani K500,000 pamwezi ngati wolembedwa ntchito, kwina K600,000 ngati wodziimira panokha. Yambiri ndi iti? Mwati yachiwiriyo eti? Tiyeni tiwerenge.

Wolembedwa ntchito amamudula msonkho wa PAYE komanso 5 peresenti ya penshoni, zoona. Koma lamulo la penshoni limakakamiza abwana kuikapo 10 peresenti yawo. Pa K500,000 imeneyo ndi K50,000 mwezi uliwonse, yomwe simuiona m'manja koma ndi yanu. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limakupatsani tchuthi cholipidwa, masiku 15 pachaka ngati mumagwira masiku asanu pasabata, 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi. Mukatha chaka pantchito n'kudwala, muli ndi masabata anayi a malipiro onse ndi ena asanu ndi atatu a theka. Ndipo apa ndi pamene pakutikhudza ifeyo: tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Bwana wochotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba wapalamula mlandu.

Nanga wodziimira payekha uja? Zonsezi palibe. Mwezi womwe wachira, ngati sanagwire ntchito, sanalandire. Penshoni adziikire yekha. Ndiye pali msonkho wodulidwira komweko, uja amati withholding tax, womwe pa malipiro a ntchito zaukatswiri umafika 20 peresenti. Pa K600,000 ija, K120,000 yapita ku MRA, m'manja mwatsala K480,000. Mwaiona?

Musamve ngati ndikuti kudziimira panokha n'koipa, ayi. Kuli ndi zokoma zake. Mtengo mumatchula nokha. Mutha kugwirira makasitomala atatu nthawi imodzi, wina akakusiyani simugona ndi njala. Mwana akadwala mumapita naye ku Queens osakagwada kwa munthu kupempha chilolezo. Komanso pali mwayi umene wolembedwa ntchito alibe: msonkho wanu umawerengedwa pa phindu, osati pa ndalama yonse yomwe yalowa. Zimene mwawononga poyendetsa ntchitoyo zimayamba zachotsedwa: lendi ya kashopu, mayunitsi ndi intaneti ya bizinesi, thiransipoti yokakumana ndi kasitomala, malipiro a mtsikana wokuthandizani. Koma zikhale za ntchitoyo basi. Fizi ya mwana ndi ndiwo zapakhomo sizilowamo.

Vuto lathu n'loti malisiti timakulungira mandasi. Popanda lisiti palibe umboni, popanda umboni palibe chochotsa. Chinanso chomwe ambiri sitidziwa: K120,000 ija sinatayike. Ndi msonkho wolipiriratu, ndipo amene wakudulaniyo ayenera kukupatsani satifiketi yosonyeza kuti wadula zingati. Mukamapereka malipoti a msonkho a pachaka, ndalamayo amaichotsa pa zomwe mukuyenera kulipira, ndipo ngati anadula yopitirira muli ndi ufulu woitanitsa yotsalayo. Koma zimenezi zimatheka ngati muli ndi TPIN yanuyanu. Pitani ku Msonkho House mukafunse, kapena lowani pa Msonkho Online. Musagwiritse ntchito ya amuna anu kapena ya achimwene, chifukwa ndalama ndi mbiri yonse ya bizinesiyo zidzakhala m'dzina lawo.

Tsopano mvetserani ichi bwinobwino. Pali ena pano papepala analembedwa kuti consultant, koma amalowa 7:30 kutuluka 5, tebulo ndi kompyuta n'za kampani, kuchoka mpaka apemphe, kwina sagwirako, chaka chino n'chachitatu. Achemwali, inu mwina ndinu wantchito amene akungomanidwa zake. Lamulo siliyang'ana dzina lili papepalalo lokha, limayang'ana mmene mukugwirira: ndani akukulamulani, ndipo chakudya chanu chikudalira ndani. Ngati zili choncho, tengani kontirakiti yanu ndi mapepala a malipiro mupite ku ofesi ya leba. Zikakanika kumeneko, kuli khothi loona milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, muno momwemuno mu Blantyre.

Ndiye akakupatsani pepala, musasayinire pomwepo. Nenani kuti mukaliwerenga kunyumba. Funsani kuti adula msonkho wanji komanso wochuluka bwanji, alipira pakatha masiku angati, ndipo mukadwala kapena kuima zidzakhala bwanji. Mukasankha kudziimira panokha, mtengo wanu ukhale ndi penshoni yanu, tchuthi chanu ndi miyezi ya uchembere momwemo, chifukwa palibe wina adzakulipirireni. Gulani kope ndi envelopu lero lomwe, lisiti lililonse lizilowa m'menemo.

Amene mwabwera ndi makontirakiti anu musathawe tikamaliza, tikhala pansi tiwaonere limodzi.