KODI WODWALA MTIMA ALIMBITSE THUPI MWAMPHAMVU KAPENA PANG'ONOPANG'ONO?

Lero tikambirana za matenda a kufooka kwa mtima. Pa matenda amenewa mtima umalephera kupopa magazi okwanira thupi lonse. Wodwala amabanika, amatopa msanga, ndipo miyendo imatupa. Kuno kwathu matendawa amayamba kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP.

Kale odwala otere ankauzidwa kuti azingogona. Koma kugona kumafooketsa minofu, ndipo minofu ikafooka munthu amatopa ngakhale pa kantchito kakang'ono. M'chaka cha 2009, kafukufuku wa HF-ACTION wa odwala 2,331 anaonetsa kuti kulimbitsa thupi sikoopsa kwa amene matenda awo akhazikika ndi mankhwala. Funso lotsala linali ili: alimbitse thupi motani?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuyenda ndawala mosalekeza kwa mphindi 30 kapena kupitirira. Yachiwiri ndi kuyenda mwamphamvu zedi kwa mphindi 4, kenaka pang'onopang'ono kwa mphindi 3, n'kubwereza kanayi.

M'chaka cha 2007, madokotala a ku Trondheim, ku Norway, anayesa njirazi pa odwala 27 kwa masabata 12. Mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya inakwera ndi 46 peresenti mwa otsata njira yachiwiri, koma 14 peresenti yokha mwa otsata yoyamba. Komabe odwalawo anali ochepa. M'chaka cha 2017, kafukufuku wa SMARTEX wa odwala 261 m'zipatala za ku Ulaya anapeza kuti njira yamphamvu siinapose inzake. Theka la oyenda mwamphamvu silinafike pa mlingo wake, ndipo ambiri a gulu lina ankaupitirira wao. Patatha chaka, phindu la magulu onse awiri linali litazilala.

Tikuphunzirapo chiyani? Chachikulu si kudzipanikiza koma kupitiriza. Njira yamphamvu imafuna kupimidwa kaye ndi kuyang'aniridwa ndi a chipatala, kotero musaiyambe nokha kunyumba. Funsani dokotala musanayambe chilichonse. Akakulolani, yambani ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo a fulati, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Ngati mukutha kuyankhula mukuyenda, ndiye kuti liwiro lanu lili bwino.

Lekani pomwepo mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwambiri. Sikelo ikakwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, thupi likusunga madzi, pitani kuchipatala. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala ai.

Inu achibale, musam'tsekere wodwala m'nyumba poganiza kuti mukum'samala. Muziyenda naye.

Mafunso okambirana m'magulu:
1. Kodi odwala mtima a m'dera lathu timawasamala bwanji?
2. Ndani mwa ife angamaperekeze wodwala poyenda?