Mau a pa Msonkhano wa Nthambi ya Woodlands: Tsiku Limene Anati Kaunda ndi Mlendo

Kwacha! Ngwee!

A Wapampando, azibambo ndi azimai, ndi inu acinyamata: tasonkhana pafupi ndi cipatala ca Maina Soko, kumene nkhalamba yathu Dr. Kenneth Kaunda anatsirizikira pa 17 June 2021. Pa maliro pao dziko lonse linawachula atate a mtundu. Koma ife a UNIP tikumbukira masiku amene Boma la dziko lomweli linati munthu ameneyu sayenera kuima pa cisankho.

Tamverani mmene zinayendera. Pa 28 May 1996 Bambo Frederick Chiluba anasaina cisinthiko ca Malamulo a Dziko. M'menemo munalembedwa kuti wofuna mpando wa Pulezidenti, atate ace ndi amai ace omwe akhale eni Zambia mwa kubadwa kapena mwa mtundu. Dzina la munthu sanalilembe ai, koma ndani sanadziwe mwini msampha? Atate ao, David Kaunda, anacokera ku Nyasaland kudzaphunzitsa ndi kulalikira ku Lubwa, m'dera la Chinsali, ndipo ndi komweko kumene Kenneth anabadwira mu 1924. Nthawi imeneyo dziko lochedwa Zambia kunalibe! Nanga atate a yani anabadwira m'Zambia? Lamulo lomwelo linatsekeranso mafumu, motero Mfumu Inyambo Yeta, waciwiri wa cipani cathu, nayenso anatsala kunja. Tinakana kulowa cisankho ca 18 November 1996, ndipo a Chiluba anapambana mosabvuta.

Tsono msampha unafuna kugwira mwini wace. Akashambatwa Mbikusita Lewanika, Dean Mung'omba ndi anzao anasuma ku Khoti Lalikulu koposa, nati a Chiluba naonso makolo ao ngokaikitsa. Mlandu unacedwa kufikira 1998, pamene oweruza anati a Chiluba anasankhidwa mwa lamulo.

Camanyazi ceniceni cinadza pa 31 March 1999. Khoti la ku Ndola, pa mlandu wa Remmy Mushota ndi Patrick Katyoka, linagamula kuti Dr. Kaunda si mwini Zambia, ndiponso alibe dziko lina liri lonse. Taganizani, abale: munthu amene anakhala m'ndende cifukwa ca ufulu wathu, amene anatsogolera kulimbana ndi Federation ali m'kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, pafupi pompa, nalamulira zaka 27, ameneyo ati alibe kwao! Anacita apilo, ndipo m'caka ca 2000 Khoti Lalikulu linacotsa ciweruzo cimeneco. Mu 2001 bungwe la Africa loyang'anira ufulu wa anthu, lokhala ku Banjul, litamva dandaulo la Legal Resources Foundation, linanena kuti lamulo la makolo lija linali la tsankho. Koma cisankho cinali citapita kale; khoti silibweza mavoti amene sanaponyedwe. Mau a makolo aja anafafanizidwa m'Malamulo mu 2016.

Ena a inu mukuomba m'manja. Dikirani pang'ono, pakuti tiri ndi mau owawa a m'nyumba mwathu mwenimweni, ndipo tikapanda kuwanena ife, adzatinenera ndi ena.

Mu 1978, dziko liri pa cipani cimodzi, Harry Mwaanga Nkumbula, Simon Mwansa Kapwepwe ndi Robert Chiluwe anafuna kupikisana ndi Dr. Kaunda. Kodi tinawalola? Iai. Pa msonkhano wa ku Mulungushi malamulo a cipani anasinthidwa, kuti woima akhale atatha zaka zisanu m'cipani, napezenso omcirikiza m'cigawo ciri conse. A Kapwepwe anali atangobwerera m'cipani mu 1977. Zaka zisanuzo akadazitenga kuti? A Nkumbula ndi a Kapwepwe anapita ku khoti, nagonja. Mu December caka cimeneco anthu anangopatsidwa dzina limodzi, kuti anene inde kapena iai. Manja amene anakwezedwa ku Mulungushi anali manja athu, a cipani cino.

A Kapwepwe, bwenzi la Dr. Kaunda kuyambira ubwana wao, anamwalira mu January 1980, dzina lao lisanaonekepo pa pepala la cisankho ca Pulezidenti.

A Wapampando, tabweza mau kwa inu.