NYENGO YOYENERA KUSWA MPHANJE

Banja likakula, munda umene unalikudyetsa anthu asanu sukwanira anthu khumi. Pamenepo mwini banja apita kwa nyakwawa kukapempha malo, ndipo kawirikawiri amlozera tsala la makolo, limene lagona zaka zambiri kufikira lamera tsekera wopitirira msinkhu wa munthu, zitsamba za minga, ndi mitengo ya mombo ndi misuku. Malo otere ali ndi conde, pakuti nthaka yapumula. Koma alimi ambiri ataya phindu la caka coyamba pa malo otere cifukwa ca cinthu cimodzi cokha, ndico kuyamba nchito pa nyengo yolakwika.

Ambiri azolowera kulindira mwezi wa Okutobala, ati mphanje iswedwe pamodzi ndi kusosa minda yakale. Koma pa mwezi umenewo nthaka yauma ngati njerwa. Khasu lingodumpha, mipini ithyoka, ndipo munthu amene analawira mbandakuca alekeza dzuwa lisanafike pamutu. Poona kuti udzu wamlaka, auponya moto. Mvula ya cizimalupsa impeza atalima ndime zowerengeka, zibuma zace zosasweka, zitsa ziri ciimire. Anzace akamapalira koyamba, iye ndiye alikubzala. Ndipo cimanga cocedwa kubzala sicibereka monga cija ca mvula yoyamba, ngakhale nthaka ikome cotani.

Nyengo yoyenera ndiyo pamene mvula irikutha, m'miyezi ya Marichi ndi Epulo. Zifukwa zace ziripo zinai.

Coyamba, nthaka ikali ndi cinyezi. Khasu lilowa bwino, mizu ya zitsamba izuka yathunthu, ndipo ng'ombe zikoka pulawo popanda kulema msanga. Zibuma zotembenuzidwa pa nthawi imeneyi zikhala pa dzuwa ndi mphepo miyezi isanu ndi umodzi, kotero kuti pofika nthawi yopanga mizere zingofumbutuka zokha.

Caciwiri, udzu ukali wauwisi. Udzu wauwisi ukafotseredwa m'nthaka yonyowa uola msanga nusanduka manyowa. Udzu wouma wofotseredwa mvula iri pafupi ucedwa kuola, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene tiuoletsa tiyamba talanda cakudya ca mbeu cochedwa naitrojeni. Ndico cifukwa cace cimanga ca pa mphanje yatsopano nthawi zina cioneka cacikasu, mwini wace nadabwa kuti conde cija capita kuti.

Cacitatu, udzu wambiri usanakhwimitse njere zace. Wakufotsera tsekera mu Marichi wafotsera pamodzi ndi ana ace. Wakulindira kufikira cilimwe apeza njere zitayoyoka kale, ndipo zidzamera pamodzi ndi cimanga cace. Nansongole, amene ayenda ndi mizu pansi pa nthaka, saopa moto konse, ndiye woyamba kuphuka pa lupsa. Koma mizu yace ikafukulidwa ndi kusiyidwa poyera cilimwe conse, dzuwa liiumitsa.

Cacinai, anthu ali ndi mphamvu. Kubandira kwatha, kukolola sikunayambe, ndipo njala ya mu Januwale ndi Febuluwale yapita, pakuti maungu ndi cimanga caciwisi zafika pakhomo. Alimi a fodya okha ndiwo atanganidwa pa nthawi imeneyi; iwo ayenera kuyamba msanga akatha kuthyola, nthaka isanaumitsitse.

Za mitengo, mlimi asafulumire ndi nkhwangwa. Ing'onoing'ono izulidwe ndi zitsa zace nthaka ikali yofewa, pakuti citsa ca mombo cosiyidwa m'munda cituluka mphukira caka ndi caka. Ikuluikulu idulidwe m'miyezi yozizira, Meyi kufikira Julayi, kuti nthambi ziume bwino, milimo ndi nkhuni zipite kumudzi. Wakufuna kudzaoka mitengo ya zipatso kapena khofi pa malowo acita bwino kusenda khungwa mozungulira thunthu caka cimodzi asanaugwetse mtengowo. Mu 1937 katswiri wa matenda a mbeu, R. Leach, anaonetsa m'minda ya tiyi ya ku Nyasaland, ndiye Malawi wa lero, kuti mtengo wosendedwa cotero umaliza cakudya cosungidwa m'mizu yace, ndipo bowa woononga mizu ya tiyi asowa pokhala. Koma iripo mitengo yosayenera kudulidwa konse. Nsangu uyoyola masamba ace m'dzinja, suphimba mbeu, ndipo cimanga ca pansi pace cikula bwino koposa. Msuku ndi muula zidyetsa ana pamene nkhokwe ziri kutha.

Moto ndiwo ufunika kucenjera nao koposa. Udzu ukapsa, phulusa litsala ndi mcere wina wothandiza mbeu, koma naitrojeni acoka ndi utsi, ndipo phulusa lomwelo kamvulumvulu wa mu Okutobala aliuluza. Ku Ndola anayamba kuyesa zimenezi mu 1933: nkhalango ina anaitentha cilimwe cikungoyamba, ina kumapeto kwace, ina osaitentha konse. Patapita zaka, C. G. Trapnell analemba mu 1959 kuti moto wa kumapeto unapha mitengo ya mombo ndi anzace, pamene moto woyambirira unaisiya yamoyo. Tsono wakufuna kutentha nthambi za minga aziunjike pamodzi, alambule mozungulira, auze anansi ace, natenthe madzulo mphepo itadeka. Moto wothawa pa mphanje ya munthu mmodzi utha kumaliza udzu wofolerera wa mudzi wonse.

Kuli anthu ena amene mwambo wao uli wosiyana. Ababemba a kumpoto kwa Zambia, polima citemene, asadza nthambi m'cilimwe, naziunjika, nazitentha mvula iri pafupi, nafesa mawere pa phulusa. Njira imeneyo ifuna nkhalango yaikulu kuposa munda weniweniwo, ndi zaka zambiri zakuti mitengo iphukenso. Kumene anthu acuruka, ndi malo acepa, mlimi sakhoza kudalira phulusa. Ayenera kusunga conde cimene wacipeza m'tsala.

Cotsiriza ndi ici: nthaka yosweka iri ngati nyumba yopanda denga. Miyezi ya cilimwe ikhale yoika akalozera mopingasa citunda, ndi kupanga mizere motsata akalozerawo, kuti mvula yoyamba isakokolole nthaka ya pamwamba. M'mbali mwa mtsinje ndi pa phiri lotsetsereka kwambiri, khasu lisafikepo pa nyengo iri yonse.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi wakuswa mphanje yace mu Marichi, mvula ya mu Novembala idzampeza atanyamula mbeu m'manja, nadzabzala tsiku limodzi ndi eni minda yakale.