Cifukwa Ciani Basi Imacedwa?

 Madzulo ano ndifuna tikambirane za mabasi.

Taganizani za munthu wa ku Kanyama amene agwira nchito kufupi ndi Mtendere. Adzuka tambala woyamba, nakwera minibasi kufikira m'tauni. Pamenepo atsika, nayenda pansi kunka ku siteshoni yina, nakhala m'basi yaciwiri kulindira kuti idzaze. Alipira kawiri, nafika dzuwa litakwera. Ambiri a ife timakalipira kondakitala, koma muzu wa bvutoli uli patali.

Pamene Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, anammanga monga mudzi wa Azungu ndi anchito a Boma owerengeka. M'caka ca 1963 anthu ace anali ngati 123,000. Pa kalembera wa 2022 anapitirira 2 miliyoni. Matero anamangidwa ndi kanselo m'zaka za 1950, Mtendere anayamba mu 1967, ndipo ku George, Chawama ndi Kalingalinga anthu anadzimangira okha. Nyumba zinafalikira kutali, koma misika yaikuru ndi masitoro zinatsala pakati. Cotero njira za mabasi zimakomana m'tauni monga masipoko a njinga, ndipo kulumpha kucokera komboni yina kunka ku inzace nkobvuta. Akuru anati walira mvula walira matope: kukula kwa mzinda kunadza ndi matope ace.

Caciwiri ndi cuma ca dziko. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, ndipo mkuwa unagwa mu 1975, monga adziwa bwino anzathu a ku migodi. Mabasi a UBZ, kampani ya Boma, anafuna matayala ndi zitsulo zogula kunja, koma ndarama zogulira zinali zocokera ku mkuwa womwewo. Mabasi akufa anacuruka, anthu pa siteshoni nacurukanso, kufikira kampaniyo inatsekedwa mu 1995.

Malo ace anatenga maminibasi a anthu wamba. Dalaivala ayenera kupereka ndarama kwa mwini galimoto tsiku ndi tsiku. Ncifukwa cace sanyamuka mipando isanadzaze, ndipo safuna mseu wa maenje, makamaka pa dzinja pamene madzi adzaza ku Kanyama. Boma litaleka kuthandiza pa mtengo wa mafuta mu December 2021, mtengo wa basi unakweranso. Wosauka, amene akhala kutali koposa onse, ndiye alipira zambiri: kapena ndi thumba lace, kapena ndi miyendo yace.

Tsono anzanga, pamene mumva kuti agawa mapuloti kutali, funsani khansala wanu mau awiri: Mseu uli kuti? Nanga basi yace idzapita kuti? Pemphaninso njira zolumikiza makomboni zosadzera m'tauni. Nyumba yocipa imene ikudyerani maora anai pa njira tsiku liri lonse siiri yocipa konse.

Tsalani bwino nonse.