Kufufuza Makolo Athu pa Intaneti: Poyambira Pake

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza popeza ambiri anapempha kuti titero.)



A komiti atandipempha kuti ndidzalankhule za kafufuzidwe ka makolo athu pa intaneti ndinayamba ndakana, pakuti amene tinali kalasi imodzi akudziwa kuti phunziro la mbiri yakale silinkandiyanja. Koma ndinavomera chifukwa cha funso limene mayi anga anandifunsa m'chaka cha 2018 tili pakhonde kumudzi. Anati, "Iwe umakhalira kudina makinawo, kodi sungandipezere kumene anagona bambo anga?" Agogo angawo anachoka kwathu ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Halale kukasaka ndalama ya msonkho. Analemba makalata awiri, kenaka zii. Anasanduka mtchona. Mayi anga anali ndi zaka ngati zisanu, ndipo anakula, kukwatiwa, mpaka kukalamba osadziwa ngati bambo wawo anaikidwa monga munthu.

Usiku womwewo ndinalemba dzina la agogo pa kompyuta, ndili ndi chikhulupiriro chonse. Panatuluka a Phiri osawerengeka, a ku Zambia, a ku Joni, a ku Mangalande, koma wanga panalibe. Chifukwa chake n'chosavuta. Intaneti imangokupatsa zimene munthu wina analemba kale pa pepala, ndipo makolo athu ambiri sanalembedwe. M'nthawi ya atsamunda sikunali kokakamiza kulembetsa kubadwa kwa mwana wa munthu wakuda. Lamulo loti mwana aliyense alembedwe m'kaundula linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinalembetsa mu 2017. Choncho amene akuganiza kuti akangodina apeza mzere wonse wa makolo ake mpaka kwa Kalonga, ayambe wakhala pansi.

Poyambira penipeni ndi kope la masamba ambiri, cholembera, ndi lamya ya m'manja yotha kujambula mawu. Pitani kwa akuluakulu amene atsala, makamaka amayi, pakuti kwa ife Achewa odziwa za mbumba ndi iwowo pamodzi ndi amalume. Musapite ngati wapolisi wodzafunsa mlandu. Tengani kashuga, gonani konko, ndipo nkhani muziyambe madzulo anthu atadya. Musafunse kuti, "Munabadwa chaka chanji?" chifukwa adzakuuzani chaka chilichonse kuti musawavute. Funsani kuti pa njala ya 1949 anali otani msinkhu, anali kuti pamene anthu ankamangidwa mu 1959, anali ndi ana angati polandira ufulu mu 1964, kapena ngati amalume anapita ku migodi Wenela asanaletsedwe mu 1974. Mayi anga sankadziwa chaka chawo chobadwa, koma ankadziwa kuti pa njala ija anali kumsana. Pamenepo ndinapeza chaka.

Pano ndiulule kulakwa kwanga. Mlongo wawo wa agogo aja anamwalira mu 2016. Ndinkawayendera chaka ndi chaka, ndipo tinkacheza za mtengo wa feteleza ndi za kuwawa kwa mawondo awo. Sindinawafunsepo ngakhale kamodzi za mchimwene wawo. Makalata awiri aja anali m'sutikesi mwawo, ndipo atamwalira ana anayatsira moto. Zimene akanandiuza pa madzulo amodzi zinanditengera chaka chathunthu kuzifufuza.

Tsopano nkhani ya maina, imene ndi yovuta kuposa zonse. Makina amenewa anapangidwa ndi anthu amene munthu amakhala ndi dzina limodzi ndi dzina la bambo wake kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Kwathu kuno sizili choncho. Munthu mmodzi anali ndi dzina la paubwana, dzina lina atavinidwa, lina la ubatizo, ndi linanso limene kapitawo anam'patsa kuntchito polephera kutchula lenileni. Amayi ambiri timangowadziwa kuti Naphiri, Nabanda, Nangozo, ndipo m'mudzi umodzi a Naphiri amatha kukhalamo khumi. Komanso tisanamizane, ena mwa ife muno tinabwereza Sitandade 8 ndi dzina la msuweni kuti tisankhidwe kubwera pasukulu pano, ndipo dzinalo ndi limene lili pa satifiketi ndi pa khomo la ofesi mpaka lero. Ndikuona ena akuyang'ana pansi. Sinditchula munthu, koma lembani dzina lanu lenileni penapake, kuti adzukulu anu asadzafufuze banja la eni ake.

Choncho pa munthu aliyense lembani maina ake onse, mfunda wake, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, ndi mpingo umene ankapemphera. Lembaninso amene wakuuzani ndi tsiku lake, chifukwa mudzapeza kuti azakhali ndi amalume akutsutsana, ndipo mudzafuna kukumbukira kuti mawu awa ananena ndani. Pofufuza yesani kalembedwe kosiyanasiyana, poti alembi a kale ankalemba monga momwe khutu lawo lamvera: Phiri amatha kukhala Piri. Maina a malo nawonso anasintha. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning, Chipata anali Fort Jameson, Kabwe anali Broken Hill, ndipo Harare anali Salisbury mpaka 1982. Mukalemba dzina la lero pofufuza pepala la 1950 simupeza kanthu.

Mukadzaza kope lija, ndiye tsegulani kompyuta. Ine ndimalangiza kuyamba ndi FamilySearch chifukwa ndi yaulere. Eni ake ndi mpingo wa Latter-day Saints wa ku America, amene ali ndi zifukwa zawo za chipembedzo zosonkhanitsira maina a akufa, koma sakufunsani kuti mulowe mpingo wawo. Mumalembetsa, n'kuyamba ndi dzina lanu, kenaka makolo anu, kenaka agogo, kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono osadumpha m'badwo. Maina a anthu amoyo amaoneka kwa inu nokha amene mwawalemba, koma a omwalira amaoneka kwa aliyense, ndipo munthu wina akhoza kusintha zimene mwalemba. N'chifukwa chake kope lija musalitaye. Ziliponso zina monga Ancestry ndi MyHeritage, koma zambiri za kumeneko n'zolipira, ndipo ine sindinaone chifukwa chotayira ndalama ndisanamalize zaulere. Amene agogo awo anamwalira ali asilikali a King's African Rifles ayese pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, ngakhale kuti bungwelo linavomera lokha mu 2021 kuti Aafirika ambiri amene anafa pa nkhondo yoyamba sanalembedwe maina.

Mapepala enieni a anthu athu ali m'mipingo. Amishoni ankalemba ubatizo, maukwati ndi maliro kuyambira kale: a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch anayamba ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Mabuku ambiri otere muyenera kukawaona ndi maso, mutapempha mwaulemu kwa abusa kapena abambo mfumu. Ena mudzawapeza atadyedwa ndi chiswe. Ku Zomba kulinso nyumba yosungira zolemba zakale za boma, ya National Archives, koma dziwani kuti mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira anapsa ndi moto mu 1919.

Ine dzina la ubatizo la agogo ndinalipeza m'buku la mpingo wa kwathu, dzina limene mayi anga sanalimvepo. Ndi dzina limenelo, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu, ndinalemba pa Facebook m'gulu la anthu a ku Malawi okhala ku Zimbabwe. Panapita miyezi itatu popanda yankho, kupatula mnyamata wina amene anati akudziwa manda ake koma nditumize kaye ndalama ya basi. Ameneyo ndinamusiya, ndipo nanunso muzisamala nawo otere. Kenaka mayi wina anandilumikiza ndi mkulu wa mpingo wa CCAP ku Highfield, mpingo umene unayamba ndi anthu a kwathu kuno opita kukagwira ntchito. Mkuluyo anafunsa nkhalamba za mumpingomo, ndipo imodzi inakumbukira mudziwo.

Ndichenjeze pa zinthu ziwiri ndisanamalize. Musalumikize banja lanu ku banja la ufumu chifukwa choti maina afanana. Zimenezi zimadzetsa milandu ya malo ndi ya mipando imene simunaiyembekeze. Chachiwiri, konzekani kumva zimene simunafune kumva. Agogo anga sanafe msanga monga momwe tinkadzitonthozera. Anakhala ndi moyo mpaka 1971, anakwatira mkazi wina, ndipo anabereka ana atatu amene sanauzidwepo kuti ku Dedza kuli mkulu wawo. Ndinasunga nkhaniyi sabata ziwiri ndikusowa poyambira kuwauza mayi.

Nditawauza anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati ndiwaimbire. Mu 2019 analankhula pa WhatsApp ndi mng'ono wawo, mayi wa zaka zoposa makumi asanu amene Chichewa chake n'chosakanizika ndi Chishona. Ine ndinkayembekeza kuti afunsa chifukwa chimene bambo wawo anawatayira. Sanafunse zimenezo. Anangofunsa kuti, "Kodi munawaika bwino? Kunabwera anthu?" Atamva kuti kunali kwaya ndiponso kuti pamanda pali mwala wolembedwa dzina, anati basi, napempha kuti awatumizire chithunzi cha mwalawo. Chithunzicho tinachitsukitsa, ndipo chinakhala pakhoma la kuchipinda kwawo mpaka pamene anatisiya chaka chotsatira.

A Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri. Kope langa ndabwera nalo, lili pathebulo apa, ndipo amene akufuna kuona momwe ndinalembera andipeze pa nthawi ya tiyi.